Maligi a mpira a ku South Africa sanaphatikizane mwa chikondi

A Mkonzi,

Mutilole tilowepo pa nkhani imene imabwerabwera pa tsamba lanu la masewero, yoyerekeza ligi yathu ya kumudzi ndi Premier Soccer League (PSL), ligi yaikulu ya kuno ku South Africa. Olemba ambiri akafuna kutamanda PSL amayambira mu 1996, ngati kuti ligiyi inabadwa ili ndi ndalama zake kale. Ena amati azungu ndi anthu akuda anangokhala pansi tsiku lina, n'kugwirana chanza, mpira n'kukhala umodzi. Ife okhala kuno ku Joni, amene timautsata mpira wa kuno, tikuona kuti mbiriyi ikudulidwa kwambiri. Maligi a kuno anaphatikizidwa kawiri, mu 1978 ndi mu 1991, ndipo pakati pakepo, mu 1985, anang'ambikanso. Maulendo onsewa mkangano unali pa anthu odzaza bwalo, pa mwini bwalolo, ndi pa thumba limene ndalama za pachipata ndi za makampani zinkagweramo.

Ligi yoyamba ya osewera olipidwa inali National Football League, mwachidule NFL, imene inayamba mu 1959 ndipo inali ya azungu okhaokha. Durban City ndiyo inatenga ligi chaka choyambacho, koma timu imene inkaopedwa zedi ndi Highlands Park ya kuno ku Johannesburg, imene inatenga ligiyi maulendo 8 pakati pa 1960 ndi 1977. Kwawo kunali ku Balfour Park, dzina limene ambiri a ife lero timalidziwa chifukwa cha mashopu basi. NFL inali ndi mabwalo a kapinga wosamalidwa, magetsi osewerera usiku, ndi ndalama zoitanira osewera a ku Britain. Johnny Haynes anasewerera Durban City, ndipo George Best amene anabwera mu 1974 kudzasewera magemu ochepa ku Jewish Guild. Munthu wakuda akafuna kuonera, m'mabwalo amene ankalola, ankamuika pa ngodya yakeyake yotchingidwa ndi waya.

Anthu akuda, amwenye ndi makaladi sanakhale manja lende. Mu 1961 anayambitsa South African Soccer League, imene sinkafunsa mtundu wa munthu, ndipo Orlando Pirates ndi Moroka Swallows zinaseweramo. Anthu ankadzaza ku Natalspruit kuno ku Joni ndi ku Curries Fountain ku Durban. Chimene chinaipha ligiyi pofika 1967 si kusowa ochemerera ayi. Makhonsolo a mizinda, amene anali eni mabwalo, anayamba kuwatsekera zipata matimu osakaniza mitundu. Timu imatha kukhala ndi osewera, yunifomu ndi masapota, koma Loweruka likafika ilibe posewerera. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ibweranso. Bungwe lokana tsankho la South African Soccer Federation linadzutsanso ligi ina mu 1969, Federation Professional League kapena FPL, imene mphamvu zake zinali ku Durban ndi ku Cape Town.

Yachitatu ndiyo inadzameza zinzake. National Professional Soccer League, NPSL, inayamba mu 1971 pansi pa bungwe la mpira wa anthu akuda limene linkayenda motsatira malamulo a boma olekanitsa mitundu. Pa chifukwa chimenecho makhonsolo anailola kusewera m'mabwalo a m'malokeshoni, kuphatikizapo Orlando Stadium ku Soweto. Mtsogoleri wake anali George Thabe wa ku Sharpeville, amene bwalo la kumeneko limatchedwa dzina lake. Pirates inatenga ligi yoyamba, AmaZulu yachiwiri, ndipo Kaizer Chiefs, imene Kaizer Motaung anaikhazikitsa mu January 1970 atabwera kuchokera ku Atlanta Chiefs ya ku America, inatenga koyamba mu 1974. Kampani yofulula mowa ya South African Breweries inaikamo ndalama, BP nayo inayambitsa chikho cha matimu 8 apamwamba mu 1972. Chikho chimenechi ndi chomwe lero mukuchidziwa kuti MTN8.

Nanga NFL, ndi ndalama zake zonse zija, inagwa bwanji? Choyamba, dziko linali litatsekeredwa kunja. FIFA inaimitsa bungwe la azungu la FASA mu 1961, n'kulimasula mu 1963 mtsogoleri wa FIFA, Stanley Rous, atabwera kudzaona yekha, n'kuliimitsanso mu 1964 ku Tokyo, mpaka kulichotseratu mu 1976 ku Montreal. Pofuna kudzipulumutsa, FASA inafika popempha kuti itumize timu ya azungu okhaokha ku World Cup ya 1966 ndi ya anthu akuda okhaokha ku ya 1970. Ligi yopanda timu ya dziko, yopanda mpikisano wa kunja, imatopetsa oonera. Chachiwiri, wailesi ya kanema inafika mochedwa kuno, mu January 1976, ndipo azungu ambiri amene anagula makanemawo anapeza chochita china madzulo. Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, makampani anawerengera. Wogulitsa mowa, fodya kapena petulo amafuna dzina lake lioneke kumene kuli anthu, ndipo anthu anali ku Orlando.

Pali bwalo limene a Malawi ambiri okhala ku Rosettenville ndi ku Turffontein amalidutsa pa taxi tsiku ndi tsiku osaliganizira, Rand Stadium, pafupi ndi dziwe la Wemmer Pan. Pamenepo mpamene zinaonekera poyera. Mu 1975 boma linalola mpikisano wa Chevrolet Champion of Champions, wokumanitsa akatswiri a mitundu yosiyana, ndipo mu fainolo munakumana Hellenic ya ku Cape Town ndi Kaizer Chiefs. Hellenic inapambana 4-0 kwawo, Chiefs n'kubwezako 2-1 pa Rand Stadium. Chikho chinapita ku Cape Town, koma aliyense anaona khamu limene Chiefs inabwera nalo. Mu March 1976, pa bwalo lomwelo, timu yosakaniza mitundu inathira 5-0 timu ya osewera ochokera ku Argentina, ndipo zigoli 4 anamwetsa ndi Jomo Sono. Patangopita miyezi itatu ana asukulu anaukira ku Soweto, ndipo mu September chaka chomwecho nduna ya zamasewero, Piet Koornhof, inalengeza zofewetsako malamulo olekanitsa mitundu m'masewero. Sikuti mtima wa boma unasintha. Linkafuna poonetsera kunja kuti zinthu zikuyenda.

Matimu ena a azungu anali atayamba kale kuzemba lamulo. Mu 1972 Berea Park ya ku Pretoria inaseweretsa Essop Moosa, wodziwika kuti Smiley, pa dzina lonamizira la Arthur Williams, mpaka anamutulukira. Mu 1977 Arcadia Shepherds inalowetsa Vincent Julius poyera, osabisa dzina. Boma silinamange munthu, koma khonsolo ya Pretoria inaivutitsa Arcadia pa bwalo la Caledonian kwa zaka zingapo. Ndi nkhani ya mwini bwalo ija.

NFL inasewera komaliza mu 1977. M'mabuku amalemba kuti inaphatikizana ndi NPSL, koma taonani zimene zinatsala: dzina linali NPSL, mtsogoleri anali Thabe, makampani othandiza anali a NPSL. Matimu a azungu analowa chikamwini, kukamanga nyumba pa mudzi wa eni, pamene pa milandu ya pamudzipo mawu awo sankapita patali. Ndiponso sanalowe onse pamodzi. Lusitano, Wits University, Highlands Park ndi Arcadia zinapita ku NPSL, pamene ena, monga Durban City, anayamba apita ku FPL. Durban City inatenga ligi ya FPL mu 1978, kenako n'kusamukira ku NPSL chaka chotsatira. Chimene chinawakoka n'chodziwikiratu. Ku FPL kunali mfundo yomveka yokana tsankho, koma kunalibe Chiefs, Pirates ndi Swallows, ndipo timu yolipira osewera mwezi ndi mwezi imafuna magemu odzaza bwalo.

Pa bwalo, obwerawo anayamba bwino kuposa mmene masapota a ku Soweto ankayembekezera. Lusitano, timu ya Apwitikizi a kuno ku Joni, ndiyo inatenga ligi yoyamba yosakaniza mu 1978, ndipo Wits inagonjetsa Chiefs 3-2 mu fainolo ya Mainstay Cup, chikho chimene lero ndi Nedbank Cup. Chiefs inatenga ligi mu 1979, 1981 ndi 1984, koma Highlands Park inalowerera mu 1980, ndipo Durban City ya mphunzitsi Clive Barker inatenga kawiri motsatizana, mu 1982 ndi 1983. Choncho pa zaka 7 zoyambirirazo, matimu ochokera ku NFL anatenga ligi kanayi. Sizodabwitsa kwenikweni. Anyamata awo anakulira pa kapinga, ndi aphunzitsi ophunzira ntchito, ndipo ankadziwa kutseka kumbuyo ndi kugwiritsa ntchito makona ndi mafirikiki. Matimu a m'malokeshoni anali ndi luso la pa mpira loposa, koma nthawi zina ankasewerera kusangalatsa anthu m'malo moteteza chigoli chimene apeza. Mbali zonse ziwiri zinaphunzirapo kanthu, ndipo mpira wa kuno wa m'ma 1980 unakoma chifukwa cha kukumana kumeneku.

Kunja kwa bwalo n'kumene kunavuta, ndipo apa mpamene olemba ambiri amadumpha. Masapota a azungu sanatsatire matimu awo. Mzungu ankafunika chilolezo kuti alowe m'lokeshoni, ena ankaopa, ena sankafuna n'komwe kukhala benchi imodzi ndi munthu wakuda, moti anatembenukira ku rugby ndi cricket. Ndiye werengani mmene chuma cha timu yotere chinkayendera. Pa chaka chonse, magemu a pakhomo obweretsa ndalama zooneka anali aja obwera Chiefs, Pirates kapena Swallows, ndipo ngakhale pamenepo odzaza bwalo anali ochemerera alendo. Magemu ena onse ankaseweredwa pamaso pa anthu ochepa, pamene malipiro a osewera, lendi ya bwalo, apolisi ndi maulendo sizinkatsika. Kuchoka ku Joni kupita ku Cape Town ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400, ku Durban pafupifupi 570. Timu imatha kukhala pamwamba pa ligi uku ikumira m'ngongole.

Osewera nawo anatsata kumene kuli anthu. Lucky Stylianou anakhala mzungu woyamba kuvala yunifomu ya Chiefs mu 1978, ena n'kumutsatira, ndipo Gary Bailey, goloboyi amene anachoka ku Wits kupita ku Manchester United, pobwerera kuno anafikira ku Chiefs. Cape Town City yakale inatha mu 1979. Lusitano sinakhalitse pamwamba. Highlands Park, patangopita zaka zochepa itatenga ligi, eni ake anaigulitsa kwa Jomo Sono, amene anabwera ndi ndalama zake kuchokera ku America kumene anasewerako New York Cosmos, ndipo kuyambira 1983 timuyo inasanduka Cosmos. Chimene Sono anagula kwenikweni ndi malo a timuyo mu ligi, amene kuno amawatchula kuti status. Munthu wakuda kugula timu imene inali chinyadiro cha azungu, m'masiku a tsankho, chinali chinthu chachikulu ndithu. Komatu khomo limene linatseguka tsiku limenelo, logulitsa malo a mu ligi ngati katundu, silinatsekedwenso.

Mu 1978 panali funso limodzi limene sanalikhudze: pakati pa matimu ndi bungwe loyendetsa mpira m'dziko, mwini ligi ndani? Thabe anali pa mipando iwiri, wa NPSL ndi wa bungwe la SANFA limene NPSL inali pansi pake. Ndalama zinkabwera ndi matimu, koma wogawa anali wa bungwe. Zinaphulika mu January 1985, pamene Motaung anadandaula kuti n'kulakwa kudula 10 peresenti ya ndalama za gemu yothokoza Ace Ntsoelengoe ndi Jomo Sono n'kupereka ku mabungwe oyendetsa mpira. Ndalamazo pazokha sizinali zogwetsa ligi, koma zinautsa madandaulo a zaka zambiri. Matimu anapempha kuti ligi iziyima payokha, Thabe anakana, ndipo pafupifupi matimu onse akuluakulu anatuluka n'kuyambitsa National Soccer League, NSL. Akuluakulu ena a mu ofesi ya NPSL, monga Abdul Bhamjee ndi Cyril Kobus, anapita nawo, makampani othandiza nawonso anatsatira. NPSL inatsala ndi dzina ndi malamulo ake, n'kumapitiriza ndi matimu ang'onoang'ono. Zimene zinaichitikira NFL mu 1977 zinaibwerera yokha patangotha zaka 7.

Nthawi imeneyi ndiyo a Malawi anayamba kumveka mu mpira wa kuno. Popeza dziko linali lochotsedwa mu FIFA, wosewera wa kunja wobwera kuno ankadziika pa chiopsezo choletsedwa kusewera kwina kulikonse, komabe ndalama zinkakoka. Ernest Mtawali, amene kuno ankadziwika kuti Ernest Chirwali, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu 1985 ali ku Bloemfontein Celtic, chaka chimene timuyo inatenga Mainstay Cup. Malemu Jack Chamangwana analowa Kaizer Chiefs mu 1986, ndipo masapota achikulire akumukumbukirabe pa dzina la Black Stone. Njira imene anadzadutsamo a Patrick Mabedi, a John Maduka ndi a Gabadinho Mhango inalambulidwa m'zaka za mikangano zimenezi.

Tisanamizane kuti ligi ikakhala m'manja mwa matimu ndiye kuti ndalama zatetezeka. Bhamjee anali katswiri woitanira anthu ku mpira, ndipo m'nthawi yake NSL inakula mpaka bwalo la FNB linatsegulidwa ku Nasrec mu 1989. Munthu yemweyo anadzapezeka wolakwa pa mlandu woba ndalama za ligi zoposa R7 miliyoni, n'kupita kundende. Matimu anali atachotsa mphamvu m'manja mwa munthu mmodzi n'kuziika m'manja mwa anthu ochepa.

Kuphatikizana kwachiwiri kunabwera ndi kusintha kwa ndale, a Mandela atatuluka m'ndende mu 1990. Mabungwe anayi, FASA, SANFA, Federation ija ndi SASA imene inali kumbuyo kwa NSL, anapanga bungwe limodzi loyendetsa mpira m'dziko lonse, SAFA, pa 8 December 1991. FIFA inalandiranso dzikoli mu July 1992, ndipo pa 7 July Bafana Bafana inagonjetsa Cameroon 1-0 ku Durban ndi penate ya Doctor Khumalo. Ku mbali ya maligi, FPL inasewera komaliza mu 1990, matimu ake apamwamba monga Santos, Manning Rangers, Bosmont Chelsea ndi Real Taj n'kulowa mu NSL, imene inafika pa matimu 24 mu 1991.

Nambala imeneyi tiione bwino, chifukwa ndi pamene aliyense wophatikiza maligi amapunthwa. Pa zokambirana palibe mbali imene imalola kuti matimu ake atsike, ndiye njira yapafupi ndi kulowetsa onse. Koma ligi ya matimu 18 imakhala ndi magemu 34 pa timu, 306 onse pamodzi. Ya matimu 24 imakhala ndi magemu 46 pa timu, 552 onse pamodzi, osawerengera makapu. Chaka chili ndi masabata 52, ndiye magemu ambiri amagwera pakati pa sabata pamene anthu ali ku ntchito, ndipo pachipata sipalowa kanthu. Maulendo a kutali amachoka pa 17 kufika pa 23. Oyimbira mpira odziwa ntchito sachuluka tsiku limodzi. Ndalama za kampani yothandiza zimakhala zomwezo, ogawana ndiwo achuluka. Mapeto ake ligi imayamba kudula matimu ambiri kuposa amene ikukweza, ndipo NSL inachita zimenezi chaka ndi chaka mpaka kubwerera pa 18. Oyamba kugwa anali ambiri mwa obwera kumene aja, chifukwa analowa ndi osewera a ganyu kudzapikisana ndi matimu olipira mwezi wathunthu, popanda thumba lapadera lowathandiza kufika pa mlingo umenewo. Komabe ena mwa iwo anadzaonetsa kuti ku FPL kunali mpira: Manning Rangers ndiyo inatenga ligi yoyamba ya PSL mu 1996/97, ndipo Santos inatenga mu 2001/02, onse pansi pa mphunzitsi Gordon Igesund.

PSL ya 1996 ija, imene Irvin Khoza, Kaizer Motaung, Jomo Sono ndi Raymond Hack anaikonza n'kuitana Trevor Phillips wa ku England kudzaiyendetsa, sinali ligi yatsopano kwenikweni. Ndi NSL yomwe ija itavala dzina la malonda, n'kusintha nyengo yosewerera kuti iziyamba mu August ndi kutha mu May. Inasunga chimene matimu anamenyera mu 1985: ligi ndi membala wapadera wa SAFA, koma imagulitsa yokha ufulu woonetsa magemu pa kanema ndipo imasunga yokha ndalama zake. Mpake maofesi ali kosiyana, PSL ku Parktown, SAFA ku Nasrec, ndipo kukokanakokana pakati pawo sikunathe mpaka pano. Ngakhale matimu 18 anaoneka ochuluka, moti mu 2002 ligi inalipira Ria Stars ndi Free State Stars R8 miliyoni iliyonse kuti zichoke, n'kutsala 16, magemu 30 pa timu. Chimene chinasintha zinthu kwenikweni ndi mgwirizano wa 2007 ndi SuperSport, wa R1.6 biliyoni pa zaka 5. Kuchokera mu ndalama zotere timu iliyonse imalandira gawo lake mwezi ndi mwezi, kaya bwalo lake limadzaza kaya ayi. Zikanakhalapo mu 1978, mwina Highlands Park sikanagulitsidwa.

Kuti muone kuti zikanatheka mwa njira ina, taonani ku America, pa mpira wawo uja wogwira ndi manja, kumene ligi yaikulu imatchedwanso NFL. Kumeneko American Football League (AFL), imene anaiyambitsa Lamar Hunt, inayamba kusewera mu 1960 ndi matimu 8, n'kumalimbirana osewera ndi NFL mpaka malipiro anakwera mosaneneka. New York Jets inapereka madola 427,000 kwa Joe Namath mu 1965, asanasewereko gemu ndi imodzi yomwe ya ligi. Eni matimu ataona kuti akuwonongana, analengeza mgwirizano pa 8 June 1966, koma anadzipatsa zaka zinayi kuti aumalize. Anayamba ndi kusankhira pamodzi osewera ochokera m'makoleji kuti kulimbirana kuthe, ndi gemu imodzi pa chaka ya akatswiri a mbali ziwirizo, imene inadzatchedwa Super Bowl. Analemberatu kuti timu iliyonse ikhalabe, kuti mbali ya AFL ipereke madola 18 miliyoni pa zaka 20, ndipo nyumba ya malamulo inavomereza mgwirizanowo chaka chomwecho. Pofika 1970 panali matimu 16 mbali ina, 10 mbali ina, ndiye Baltimore Colts, Cleveland Browns ndi Pittsburgh Steelers analipidwa madola 3 miliyoni iliyonse kuti awolokere tsidya linalo, zigawo zikhale 13 ndi 13. N'zoona kuti kumeneko kulibe zotsika ligi, ndipo analibe boma lotsekera anthu mabwalo chifukwa cha khungu, choncho kuyerekezaku kuli ndi malire. Komabe palibe timu imene inafa ndi mgwirizanowo, chifukwa ndalama za kanema ankagawana mofanana.

Kwathu kulibe maligi awiri olimbana, koma mafunso ndi omwewa, ndipo amatuluka nthawi iliyonse pakakhala nkhani yosintha kayendetsedwe ka Super League kapena maligi a m'zigawo. Mabwalo akuluakulu, Kamuzu Stadium ndi Bingu National Stadium, ndi a boma, ndipo likatsekedwa limodzi matimu a mumzindawo amasanduka alendo pa magemu awo a pakhomo. Ndalama za pachipata zimadulidwa ndi mwini bwalo, FAM, Sulom ndi ena timu isanaone gawo lake. Bwalo limadzaza pakabwera Bullets kapena Wanderers, ndipo matimu ang'onoang'ono amawerengera masiku amenewo monga ankachitira Lusitano. Atolankhani anu akamva mawu oti tikonze ligi ngati ya ku South Africa, azifunsa zinthu zogwirika. Matimu akhala angati, ndipo atsika angati chaka chilichonse mpaka liti? Ufulu woonetsa magemu pa kanema wasainira ndani, ndipo timu ya ku Karonga kapena ku Chitipa ilandirapo zingati poyerekeza ndi ya ku Blantyre? Timu yokwera kumene ipatsidwa chiyani choyendera? Mabuku a ligi amawerengera ndani, ndipo lipoti lake limafika kwa matimu onse?

Afunsenso ngati malamulo akuloleza kugulitsa malo a mu ligi, ndipo ngati akuloleza, timu yogulidwayo ingasamutsidwe mzinda kapena ayi. Pa mfundo iyi yokha tikupempha kuti kwathu asatengere za kuno. Cape Town City ya lero inabadwa mu 2016 pogula malo a Mpumalanga Black Aces, anthu a ku Mpumalanga n'kutsala opanda timu. Highlands Park imene inadzutsidwanso n'kubwerera mu PSL inagulitsidwa kachiwiri mu 2020, kwa TS Galaxy. Bloemfontein Celtic ya a Mtawali ija, imene masapota ake ankadziwika dziko lonse ndi kuyimba, inagulitsidwa mu 2021 n'kusanduka Royal AM ya ku KwaZulu-Natal. Ndipo Wits, imene inakhazikitsidwa mu 1921, n'kupulumuka kuphatikizana kwa 1978, kugawanika kwa 1985 ndi kudula kwa m'ma 1990, mpaka kutenga ligi mu 2017 Gabadinho Mhango ali momwemo, inagulitsidwa mu 2020 kwa Tshakhuma Tsha Madzivhandila ya ku Limpopo, kutatsala chaka chimodzi kuti ikwanitse zaka 100.

Ndife owerenga anu,
A Malawi okonda mpira,
Rosettenville, Johannesburg